Webusaiti Yopanda Mwini

4 Febuluwale

Amake Kamano,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi mwana? Nanga mwendo wa amayi anu uja watani? Ine ndili bwino, kungoti chimfine chakana kundichoka, chifukwa chipinda chimene timasungiramo makina chimazizira ngati mufiriji. Amatero dala kuti makinawo asatenthe.

Musadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Foniyi ndi ya kampani, komanso pakati pa bedi langa ndi la achimwene anu pali thabwa lokha. Ndikayetsemula iwo amati pepani. Ndiye zina ndizichita kulemba. Dalaivala wa thiraki uja wavomera kumanditengera, amabwera kumeneko kawiri pamwezi.

Munafunsa kuti ntchito yanga kwenikweni ndi yotani, poti anthu akumati ndimakonza mawailesi. Imvani. Kampaniyi imasungira anthu mawebusaiti awo: masitolo, sukulu ziwiri, kachipatala ka mano, ogulitsa matayala. Onsewo amakhala m'makompyuta atatu akuluakulu otchedwa maseva. Seva imodzi imanyamula mawebusaiti ambiri, ngati mdadada wa nyumba za lendi, aliyense chitseko chake ndi dzina lake. Ine ndimalemba kafayilo ka aliyense, kouza seva kuti munthu akafunsa dzina lakuti, mutsegulire chitseko chakuti. Kenako ndimaikapo setifiketi, imene imachititsa kuti pafoni panu pazioneka kaloko kaja pambali pa dzina la webusaiti.

Kutsogolo kwa maseva atatuwo kuli makina ena amene timati balansa. Mlendo aliyense amayamba wafika pamenepo, iyo n'kumagawa: uyu apite ku seva yoyamba, uyu ku yachiwiri, kuti imodzi isalemedwe. Balansayo sindiloledwa kuigwira. Ndi ya mkulu wina amene ndinamutcha a Chijasi, poti chijasi chawo savula ngakhale kunja kutenthe bwanji. Munthu wosaseka. Akamadutsa kumbuyo kwanga amachepetsa liwiro, kusuzumira pa sikirini yanga, n'kupitirira. Sindikudziwa ndinawalakwira chiyani.

Achimwene anu ali bwino, anenepa mpaka lamba anaboola bowo lina. Mpando ndakhalapowu unali wawo. Pano anawakweza, amayenda pagalimoto kusaka makasitomala. Ndi iwo anandiphunzitsa zonsezi nditangofika mu Novembala, ndipo sindidzaiwala kuti anandiitanitsa okha ndisanapemphe n'komwe.

M'jumbomo muli nsapato za Kamano. Ndagula zokulirapo, azikula nazo, chifukwa mitengo kuno ikukwera sabata ndi sabata. Lata la kukhitchini lija musadikire kuti mphepo ilitenge, muitane mmisiri alikhome. Koma misomali mukagule nokha, ujayu mukamutuma amabwera ndi theka.

Ndine wanu,
Bambo a Kamano

19 Febuluwale

Amake Kamano,

Moni nonse. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kuti amayi ayambanso kuyenda opanda ndodo. Chimfine changa chatha. Chimene chabwera m'malo mwake ndi mutu, koma si wa matenda.

Pali kanthu kena kuntchito kamene sindikukamvetsa. Lolemba abwana, mayi amene ali mwini kampaniyi, anandipatsa mndandanda wa makasitomala onse kuti ndione masetifiketi amene atsala pang'ono kutha. Pamndandandapo pali mayina makumi anayi ndi awiri. Nditalowa mu seva ndinapeza mafayilo makumi anayi ndi atatu. Ndinawerenga katatu, kachitatuko ndikuloza ndi pensulo ngati mwana wa sitandade wani. Imodzi ndi yoonjezera.

Ndinaitsegula webusaitiyo. Ndi yooneka bwino kwambiri, zithunzi za anthu ovala mayunifolomu akumwetulira. Akuti amapezera anthu ntchito kunja: m'mahotela, m'nyumba zosamalira okalamba, m'mafakitale osoka zovala. Ukungotumiza chithunzi cha pasipoti yako ndi ndalama yolembetsera kudzera pafoni, iwo akonza zonse. Palibe adiresi ya ofesi, palibe dzina la munthu. Ndipo zonsezo zalembedwa m'chinenero chathu chomwechi, amake Kamano, chosalala bwino, osati chongotola. Kaloko kali pamenepo pambali pa dzina, kowala ngati ka mawebusaiti ena onse. Anthu akaona kalokoko amati zinthu ndi zoona. Chikhalirecho kamangotanthauza kuti palibe akumvetsera panjira. Sikanena kuti mwini nyumba ndi munthu wabwino.

Chimene chandiopsa ndi ichi. Seva imasunga dzina la amene analemba fayilo iliyonse. Fayilo imeneyi akuti ndinalemba ndine, sabata yanga yachiwiri. Sabata yachiwiri ine ndinali ndisanadziwe n'komwe kumene kuli ketulo ya muofesi.

Ndinafuna kuona kuti amalowamo ndani, koma kaundula wa seva akuonetsa ngati alendo onse ndi munthu mmodzi, chifukwa onse amadzera pa balansa ndipo seva imangoona nkhope ya balansayo. Ndiye amene ali ndi makiyi a balansa ndi amene akudziwa zonse. Lachitatu ndinawafunsa a Chijasi mwapatalipatali ngati pali kasitomala watsopano amene sindinauzidwe.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali. Kenako anati, "Ukufunsa ine?" Basi, n'kutembenukira ku kompyuta yawo.

Sindinawauze abwana. Ndikanena chiyani, dzina lili pamenepo ndi langa? Kuno munthu wobwera sachedwa kukhala wakuba. Inunso nkhaniyi ithere m'mimba mwanu, musauze munthu.

Mwati mmisiri wakhoma lata koma madzi akulowabe pangodya. Amenewo ndi a mtanda umene unaola, si lata. Muwasiye, ndidzaona ndikabwera. Kamano mumuuze kuti chithunzi anajambulacho ndamata pakhoma, koma makutu anga si aakulu choncho.

Wanu,
Bambo a Kamano

6 Malichi

Amake Kamano,

Ndikhulupirira muli bwino monga ndinakusiyirani m'kalata yapita ija. Ine thupi lili bwino.

Ndikufunseni chinthu chimodzi, ndipo musakwiye. Kodi kalata ija munawerengera munthu wina, kapena munatchulako nkhani yake pafoni?

Ndafunsa chifukwa Lachisanu m'mawa tikumwa tiyi, achimwene anu akupaka majarini pa buledi, anangoti osandiyang'ana, "Alamu, ndamva mwayamba kuwerenga mafayilo ndi pensulo."

Za pensulo sindinauze wina aliyense padziko lino kupatula inu.

Ndinaseka, ndinati ndi ntchito imene anandipatsa abwana. Iwo anati, "Mverani ine, ndakhala kuno zaka zisanu ndi ziwiri. M'maseva amenewo muli zinthu za akuluakulu zimene sizilembedwa pamndandanda. Inu gwirani zanu, landirani zanu, tumizani kunyumba. Mlendo safunsa chimene chili m'nkhokwe ya eni ake." Analankhula mokoma, anandithiriranso tiyi wina.

Sindikukudzudzulani. Ndi achimwene anu, munaona mwamuna wanu ali pamavuto, munati amuthandize. Inenso ndikanatero. Ndinadziuza kuti mwina akuwadziwa a Chijasi kuti ndi munthu woopsa, ndiye akunditchinjiriza. Koma Lolemba nditafika kuntchito, fayilo ija inali itasintha dzina. Tsopano ikutchedwa ngati ya ogulitsa matayala, kungowonjezera kachilembo kamodzi kumapeto, kuti woyang'ana mothamanga asaione. Webusaitiyo ili pompo, ikugwira ntchito. Pakati pa Lachisanu ndi Lolemba a Chijasi sanabwere, anali kuukwati wa mwana wa mlongo wawo.

Pakampani pano amene timalankhula chinenero chathu tilipo awiri okha. Ndalemba chiganizo chimenechi n'kukhala ndikuchiyang'ana, ndimafuna kuchifufuta. Ndachisiya. Mwina a Chijasi anachita kulembetsa munthu wina, anthu akwathu mumzinda muno ndi ambiri.

Tsopano za atelala oyandikana nafewo. Mwalemba kuti akufuna kugulitsa makina awo osokera chifukwa apeza mwayi wa ntchito ya kufakitale kunja, ndipo zonse akuchitira pafoni. Pitani lero lomwe mukalandire kalatayi, mukawauze kuti adikire. Makinawo asagulitse, pasipoti asajambule. Akafunsa chifukwa, mungoti bambo a Kamano akufufuza kaye ngati fakitaleyo ilipodi. Mayi amene uja akulera ana anayi ndi makina amenewo. Ndipo mundilembere dzina la webusaiti imene akugwiritsa ntchito, chilembo ndi chilembo, komanso amene anawauza za iyo.

Ndatumiza kangachepe kudzera kwa dalaivala, muonepo yunifolomu ya Kamano. Sopo ndi mafuta odzola ndaika pansi pa jumbo. Mafutawo ndi anu, musagawire mudzi wonse ngati ulendo watha.

Zimene ndalemba munozi musazitchule pafoni. Kwa aliyense. Mwamva?

Bambo a Kamano

21 Malichi

Amake Kamano,

Moni. Ndamva kuti Kamano anadwala malungo ndipo wachira, tiyamike Mulungu. Amalize mankhwala onse ngakhale akuthamanga. Ine ndilipo. Kudya ndiye sindikudya bwino.

Kalata yanu inali yaifupi. Dzina mwandilemberalo ndi lomwelo. Ndipo mwati atelala makina anagulitsa kale kalata yanga isanafike. Funso langa lachiwiri, la amene anawauza, simunayankhe.

Sabata yatha ndinachita chinthu chimene ndinayenera kuchita kalekale. Ndinawerenga m'mabuku a makinawa n'kupeza kuti balansa simabisa kwenikweni alendo. Ikamapereka munthu ku seva, imamumata kachizindikiro kosonyeza kumene wachokera, kungoti seva yathu sinauzidwe kuti izikawerenga. Ndi mizere iwiri yokha yofunika kulemba, ndipo ili kumbali yanga, osati kwa a Chijasi. Amene anakonza masevawa ine ndisanabwere sanailembe mizere imeneyo. Kaya anaiwala, kaya.

Ndinailemba Lachiwiri masana, anzanga atapita kukadya. Pofika Lachinayi kaundula anali atadzaza. Amake Kamano, ndi anthu akwathu okhaokha. Ena amabwera kasanu patsiku, ndikuganiza kudzaona ngati ayankhidwa.

Webusaitiyo ili ndi chitseko cha kumbuyo, cholowera mwini wake akafuna kuona amene alembetsa. Chimatsegulidwa kamodzi patsiku, m'mawa cha m'ma sikisi koloko, kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Ndinatenga nambala ya kumene wotsegulayo amachokera, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ndipeza kunyumba kwa a Chijasi. Madzulo nditafika kuno kunyumba ndinayang'ana nambala ya intaneti ya m'nyumba muno, kungofuna kufananiza kaonekedwe kake.

Ndi imodzimodzi.

Ndinakhala pabedi osavula nsapato. Ndinayamba kuwerenga anthu amene timagwiritsa ntchito intaneti ya alandilodi: banja la kuchipinda chakutsogolo, mlonda amene amagona masana, mayi wogulitsa zovala, achimwene anu, ndi ine. Ndinayesa kumuganizira mlonda, ndinayesa kuwaganizira alandilodi amene satha n'kuyatsa komwe wailesi yakanema popanda kuitana munthu. Sikisi koloko m'mawa ine ndimakhala pamzere wa kubafa, kumapeto kwa khonde, thawulo paphewa. Laputopu ya kuntchito ndimaisiya pabedi.

Ndiye onani mmene zilili. Fayilo ili m'dzina langa. Nambala ndi ya nyumba imene ndimagona. Chinenero ndi changa. Munthu atabwera lero kudzafufuza, sangavutike n'komwe, ndamukonzera ndekha umboni ndi mizere yanga iwiri ija.

Sindikutchula munthu. Sindinaone ndi maso. Achimwene anu dzulo anandigulira malaya abwino kwambiri, a mizeremizere, akuti ndizioneka ngati munthu wa muofesi. Ndawapachika pamsomali, sindinawavale.

Nkhuku zikayamba chitopa kwa oyandikana nawo, zathu muzitsekere. Amayi muwapatse moni.

Bambo a Kamano

2 Epulo

Amake Kamano,

Moni kwa inu ndi mwana. Ndili moyo. Khalani pansi musanapitirize kuwerenga.

Lachinayi m'mawa ndinatenga thawulo ndi sopo monga mwa masiku onse, ndinatseka chitseko mwaphokoso, ndinafika pamzere wa kubafa. Ndinaima kumbuyo kwa mayi wogulitsa zovala uja mpaka anthu awiri atasamba. Kenako ndinavula masilipasi n'kubwerera mopanda phokoso.

Achimwene anu anali atakhala pabedi panga, laputopu pamiyendo. Nambala yanga yachinsinsi anandisankhira ndi iwo tsiku loyamba, ndipo ine wopusane sindinaisinthe, ndimati kusintha kukhala ngati kuwakayikira. Pa sikirini panali pasipoti ya munthu wina, bambo wa imvi.

Sanadzidzimuke. Anangoti, "Mwasamba msanga lero, alamu."

Ndinati, "Atelala a kwathu agulitsa makina awo."

"Atelala ati?"

"Amene anasoka diresi ya ukwati ya mlongo wanu."

Anatseka laputopu pang'onopang'ono. Anati sindikudziwa kanthu, kuti pali anthu ena pamwamba pawo amene sangawakanire, kuti ntchitozo zilipodi koma mapepala akuchedwa. Ndinafunsa kuti ndi angati amene anafikadi kuno n'kuyamba ntchito. Anditchulire mmodzi yekha, ndikamuone. Anayang'ana pazenera.

Kenako ndinafunsa chimene chakhala chikundidya. "N'chifukwa chiyani munaika dzina langa?"

"Dzina lanu ndi limene lili ndi makiyi pano. Langa analitseka nditakwezedwa. Palibe china."

"Nanga zikadzaululika?"

Apa ndiye anaseka, osati mokweza. Anati, "Aulule ndani? Inu? Mukapite kwa abwana mukanene kuti ndapeza wakuba, amagona m'chipinda mwanga, amagwiritsa ntchito laputopu yanga, dzina langa, ndi mlamu wanga, koma ine sindikudziwapo kanthu? Chitupa chanu chokhalira kuno chinamangidwa pa ntchito imeneyi. Akakuchotsani m'mawa, madzulo muli m'galimoto ya apolisi. Mlongo wanga adya chiyani? Amayi mankhwala awagulira ndani? Chibale ndi fupa, alamu, sichiwola. Pitani mukasambe, mwachedwa."

Ndipo ndinapitadi kukasamba, amake Kamano. Ndinaima m'madzi ozizira. Tinakwera basi imodzi, anandilipirira.

Masiku anayi apita. Timadya pamodzi, timapatsana mchere. Laputopu ndikugona nayo pansi pa pilo ndipo nambala ndasintha. Koma dzulo ndinapeza chikwama changa cha mapepala chili mbali ina ya shelefu, zipi yake yotseguka pang'ono. Pasipoti yanga tsopano ndikuyenda nayo m'sokosi.

Ndikudziwa kuti amene ndikunenayu ndi amene anakulipirirani sukulu bambo atamwalira. Sindikukupemphani kuti mumude. Sindikudziwanso chimene ndikukupemphani. Kalata ino musawaonetse amayi, mtima wawo suli bwino.

Bambo a Kamano

17 Epulo

Amake Kamano,

Muli bwanji? Dalaivala wabwera chimanjamanja, akuti munalandira kalata koma munati mulibe cholemba. Palibe kanthu. Ine ndili bwino, ndasamuka, ndikufotokozerani.

Chimene chinandikankha ndi kaundula uja. Tsiku lililonse ndimaona anthu atsopano akulowa, ndipo setifiketi ya webusaitiyo inali itatsala masiku asanu ndi limodzi kuti ithe. Ndikanaisiya, makina akanaikonzanso okha m'dzina langa, kaloko n'kupitiriza kuwala miyezi ina itatu. Lolemba lapitalo ndinawapeza a Chijasi m'chipinda chozizira chija ali okha. Ndinatseka chitseko. Ndinawauza zonse, kuyambira pa pensulo, mawu akutuluka mosatsatana.

Anamvetsera manja ali m'matumba a chijasi. Nditamaliza anati, "Bwera."

Anatsegula kaundula wa balansa, wawo uja amene palibe wina amamuona. Anandionetsa dzina la webusaitiyo likudutsa pamenepo kuyambira Seputembala, ine ndisanakwere n'komwe basi yobwera kuno. Anandionetsanso tsiku limene fayiloyo inafufutidwa m'dzina la achimwene anu n'kulembedwanso m'dzina langa. Linali tsiku langa lachisanu ndi chinayi pantchito.

"Ndinaiona mu Disembala," anatero. "Chinenero chake sindichimva, ndiye sindinadziwe kuti akugulitsa chiyani. Ndimaganiza kuti muli limodzi, iwe ndi mlamu wako. Ndimadikira kuti ndikugwireni nonse. Utabwera kudzandifunsa za kasitomala watsopano, ndinati mwana uyu akundiyesa. Koma utalemba mizere iwiri ija ndinasokonezeka. Wakuba sayatsa nyale pakhomo pamene amalowera."

Ndiye miyezi yonseyi iwo akundisuzumira ine, ine ndikuwasuzumira iwo.

Tinapita limodzi kwa abwana. Sanandimwetulire. Anandilanda laputopu ndi foni, anati ndikhale kunyumba mpaka afufuze, ndipo anaitana apolisi. Ndinafunsidwa maola atatu m'kachipinda kopanda zenera, funso limodzi kasanu. Webusaitiyo a Chijasi anaitseka pa balansa masana omwewo. Ndinapempha chinthu chimodzi ndipo abwana anavomera: m'malo mwake tinaikapo tsamba loyera la mizere itatu m'chinenero chathu, louza anthu kuti asatumizenso kanthu ndipo akanene kupolisi ya kwawo.

Achimwene anu sanabwerere kuofesi tsiku limenelo. Galimoto ya kampani inapezeka pa depoti ya mabasi, makiyi ali pampando. Kuchipinda anatenga zawo zonse, ndi ketulo yanga yomwe.

Usiku woyamba ndinagona pampando kwa a Chijasi. Akazi awo ndi munthu wolankhula kwambiri, n'chifukwa chake mwina iwo salankhula. Pano ndapeza kachipinda pafupi ndi njanji, kaphokoso koma ka ndekha. Dzulo abwana anandiitana kuti ndiyambirenso ntchito. Anati, "Ukanabwera mu Febuluwale." Akunena zoona. Atelala akanakhala ndi makina awo.

Ndikuganiza kuti achimwene anu akubwera kumeneko, ngati sanafike kale. Adzakuuzani zawo, ndipo pakamwa ali napo. Adzati ndinawachitira kaduka, ndinawachotsetsa ntchito kuti nditenge malo awo. Amvetsereni mpaka amalize, musawadule. Chimodzi chokha chikundisowetsa mtendere, ndipo mwina inu mungachidziwe kuposa ine: pamene ankandiitanitsa kuno muja, ndi chimwemwe chonse chija, kodi ankafuna mlamu kapena ankafuna dzina?

Wanu,
Bambo a Kamano

29 Meyi

Amake Kamano,

Moni. Thiraki yabwera katatu yopanda kalata yanu. Za umoyo wanu ndikumva kwa dalaivala: akuti mwaonda, Kamano ali bwino, ndipo achimwene anu ali kwa amayi, satuluka masana. Akutinso amayi anamuuza kuti asadzaimenso pakhomo pawo ndi makalata a munthu wopasula banja. Ndamva. Ine ndili bwino.

Masabata onsewa ndakhala ndikuganiza kuti mwakhala chete chifukwa mwasankha mbali. Ndinakukwiyirani, sindibisa. Ndinafika poganiza kuti mwina munkadziwa kuyambira pachiyambi, kuti munawauza za pensulo dala. Munthu akayamba kukayikira sasiya malo.

Lachiwiri apolisi anabweretsa mndandanda wa onse amene analembetsa pa webusaiti ija, anthu zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi ndi anayi. Anapempha kuti ndiwamasulire zimene anthuwo analemba, poti pakampani pano palibe wina womva chinenerochi. Ndinakhala ndi wapolisi wamkazi m'chipinda cha misonkhano, iye akulemba, ine ndikuwerenga mmodzimmodzi. Aphunzitsi, anamwino, alimi, mwana wa abusa a tsidya lija. Atelala ali pa nambala 53.

Pa nambala 54 muli inu.

Munalembetsa pa 11 Janyuwale, tsiku limodzi ndi atelala. Sindinadziwe n'komwe kuti muli ndi pasipoti. Pachithunzipo mwaluka tsitsi mwa mtundu umene sindinakuonenipo nawo, ndipo mukuoneka kuti mukudziletsa kuseka. Pamene anafunsa ntchito imene mukufuna munalemba kuti iliyonse. Pamene anafunsa chifukwa chake munalemba kuti, "Mwamuna wanga ali komweko ndipo sadziwa kuphika."

Wapolisi uja anadikira. Kenako anafunsa kuti palembedwa chiyani. Ndinamuuza kuti ndikufuna madzi.

Fomu iliyonse imasonyeza ngati mwini webusaiti anaitsegula. Yanu anaitsegula m'mawa mwake, sikisi koloko itadutsa ndi mphindi zinayi, pabedi panga, ine ndili pamzere wa kubafa. Anaona nkhope yanu. Anachongapo ngati ena onse n'kupita kwa wotsatira. Izi sindinafune kukuuzani, koma mwakhala mukunyamula manyazi amene si anu, ndipo akukudyani muli nokha m'nyumba, pakati pa amayi ndi munthu ameneyo.

Sindikufunsani kuti ndalama yake munaipeza bwanji, kapena chimene munagulitsa. Sindikufunsani chifukwa chimene simunandiuzire. Munkafuna kudzangotulukira pakhomo panga ndi chikwama, ndikudziwa, ndipo kalata zanga zitayamba kufika munasowa poyambira. Ine amene ndinakhala pa nkhaniyi miyezi iwiri chifukwa cha mantha, ndingakuweruzeni bwanji?

Abwana andipatsa masabata awiri. Ndikwera thiraki yomweyi pa 12 Juni, ndifika pa 14 masana. Apolisi a kuno atumiza kale mapepala kwa anzawo a kumeneko, ndiye zimene zichitike kwa achimwene anu sizilinso m'manja mwanga kapena mwanu. Kwa amayi ndipita ndekha, ndikakhala pansi, anditukwane mpaka atope. Kwa atelala ndikufuna tipite awiri, chifukwa ndekha sinditha kuwayang'ana.

Musayankhe kalata ino, nthawi yatha. Ngati mungathe, mudzaime pa siteji. Tsitsi mudzaluke ngati la pachithunzi chija.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a Kamano